Ng'oma Yojambula M'kope

Mwana wanga wamkazi wachisamba ali Sitandade 6 ankakonda kundipatsa kope lake madzulo kuti ndizimufunsa mafunso. Tsiku lina, mayeso a teremu yachiwiri atayandikira, adandipatsa kope la Expressive Arts. Tidakhala pakhonde, tochi ya sola ili pakati pathu, amayi ake akupakula nsima kukhitchini. Nditatsegula ndidapeza mutu wolembedwa ndi bolopeni yofiira, wonena za mitundu ya zida zoimbira. Pansi pake padali mayina anayi aataliatali a Chingerezi, ndipo iye adawalakatula onse osaphonya: membranophones, chordophones, aerophones, idiophones. Pambali adajambula ng'oma ndi pensulo, yokongola ndithu, zikhomo zake zonse zili m'malo mwake.

"Nanga ng'omayi udaiombapo kusukuluko?"

Adandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Ayi ababa, kulibe ng'oma. Timangolemba."

"Nanga kuimba?"

"Timaimba ya fuko pa asembule. Basi."

Nsima ya usiku umenewo sidandikomere, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Ine ndidakula ndi chibwibwi, chachikulu ndithu, choti ngakhale dzina langa linkandikakamira pakhosi aphunzitsi akandiloza. Ndidali Sitandade 3 mu 1994, chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu m'dziko muno adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo ife tidaziona ndi maso: anyamata oyamba kumera ndevu atakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi tiana tamamina. M'chipwirikiti chimenecho mudali aphunzitsi ena achikulire amene sankayenda ndi chikwapu. Phokoso likakula ankangoyambitsa nyimbo, khamu lonse n'kuvomera, nyimbo ikatha kuli zii. Lachisanu masana ankalemba pa bolodi d r m f s l t, n'kutigawa m'mawu anayi ngati kwaya ya kutchalitchi. Iwowa ndiwo adazindikira kuti ndikamaimba chibwibwi chimandisiya. Adandiimika kutsogolo. Nthawi yoyamba m'moyo wanga kumva mawu anga akuyenda kuchokera poyambira mpaka pothera popanda kupunthwa idali mu nyimbo ya fuko ija, yomwe a Michael Sauka adapeka ndipo dziko lidaitenga mu 1964. Ndidafika kunyumba tsiku limenelo ndili munthu wina. Lero ndimatha kuima pamsonkhano n'kulankhula, ndipo ndimadziwa kumene zidayambira.

Ndiye poona mwana wanga akuloweza ng'oma ngati mayina a mitsinje, mtima udandiwawa kwambiri.

Pamenepo ndidadya mfulumira. Patapita masabata awiri kudali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu yathu kuno ku Dowa. Nkhani yaikulu idali ya zimbudzi za atsikana zomwe zidagwa ndi mvula, ndi njerwa zomwe mudzi uliwonse unkayenera kuumba. Atafika pa zoonjezera ndidaimirira n'kukhuthula zonse zakukhosi. Ndidati ana athu akuberedwa. Ndidati aphunzitsi akale ankagwira ntchito ndi mtima wonse. Ndikulankhula choncho ndidaona nkhope za aphunzitsi zikusintha, ena n'kuwerama, ena n'kupinda manja. A hedi adangoyankha mwachidule kuti amva ndipo aziona. Kenaka bambo wina, mlimi wa fodya wodziwika kwathu kuno, adanena ali chikhalire: "Ife tatumiza ana kuti asankhidwe. Nyimbo sadyera nsima." Anthu adaseka, ena adaomba m'manja, msonkhano n'kutsekedwa ndi pemphero.

Zomwe ndidanenazo zina zidali zoona. Koma ndidazinena pagulu, kwa anthu otopa, ndisadawafunseko n'komwe kuti zikuwavuta n'chiyani. Munthu ukamuyalutsa pa anthu amayamba wateteza nkhope yake, nkhani yako imabwera pambuyo.

Mkazi wanga ndiye adandikankha kuti ndipite ndekha ku ofesi. Ndidapita Lolemba ana ataweruka, ndidapepesa, ndipo a hedi adandipatsa mpando. Tidacheza nthawi yaitali. Zomwe ndidamva tsiku limenelo kholo lililonse lofuna kumenyera nyimbo pa sukulu liyenera kuzimva lisadatsegule pakamwa.

Kale nyimbo lidali phunziro palokha. Silabasi ya pulayimale itasinthidwa kuyambira mu 2007, nyimbo zidaikidwa m'thumba limodzi ndi magule, zisudzo, zojambula, zosoka ndi masewera olimbitsa thupi, thumba lonselo n'kulitcha Expressive Arts. Pa pepala n'zabwino, chifukwa kwathu kuno nyimbo ndi gule sizisiyana. Koma mphunzitsi mmodzi ayenera kudziwa zonsezo, pomwe ku koleji ya aphunzitsi nthawi ya nyimbo imakhala yochepa. M'makalasi aang'ono mphunzitsi amakhala ndi ana oposa 100. Kuyambira Sitandade 5 zonse zimalembedwa m'Chingerezi. Ndipo pamapeto pake mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera ndi mafunso olemba pa pepala la Arts and Life Skills. Palibe amene amabwera kudzamvera ngati mwana amatha kugwira mawu a alto. Choncho mphunzitsi wanzeru amalembetsa manotsi, nthawi yotsalayo n'kuiponyera ku masamu ndi Chingerezi.

"Bambo," adatero a hedi, "zotsatira zikatuluka, aliyense amene amalowa pakhomo apa amafunsa funso limodzi: angati apita ku boarding? Inunso makolo ndi funso lanu lomwelo."

Sindidatsutse. Koma ndisadatuluke adanditsina khutu kuti pali madamu ena a Sitandade 4 amene amaimba mu kwaya ya mpingo wawo, ndipo akhala akufuna kuyambitsa kalabu ya nyimbo, koma ankaopa kuti makolo anena kuti akutayitsa ana nthawi. Tangoganizani. Aphunzitsi ankaopa makolo, ife makolo tinkanena aphunzitsi kuseri, pakati pathu pali mtunda wosakwana kilomita imodzi.

A hedi adati ngati makolo avomera, Lachitatu masana bwalo ndi lathu. Walira mvula walira matope: ntchito yokawafunsa makolowo idagwera ine ndi madamu aja.

Sitidaitanenso msonkhano. Tidayamba kuyenda khomo ndi khomo, poyamba kwa a tcheya a komiti ya sukulu, kenaka kwa amayi a mother group, kenaka kwa anyakwawa ndi a gulupu, pomaliza kwa akulu a mipingo. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika. Mfumu ikamva nkhani ya m'dera mwake kuchokera kwa ana, nkhaniyo yafa kale. Ndipo paliponse tinkayamba ndi kufunsa, osati kufotokoza. Tinkati, kodi inu muli ana munkaimba zotani? Funso limeneli lidatsegula makomo ambiri kuposa mfundo zonse zomwe ndidakonza. Agogo ena amene adatilandira mokayika adatha ola lathunthu akutiimbira nyimbo za pamtondo, manja akusinja mumtondo wosaoneka.

Madandaulo adalipo, ndipo sadali opanda pake. Amayi ankaopa kuti atsikana azifika kunyumba kutada. Izi zidatha msanga: amayi a mother group adagawana masabata, awiri azikhalapo nthawi zonse, ndipo pofika 3 koloko ana onse akhale atanyamuka. Ena ankati oimba amathera ku mowa ndi chamba. Awa tinkawakumbutsa kuti Alleluya Band idayambira pa parishi ku Balaka mu 1978 ndi a Paul Banda, ndipo ndi m'menemo mudatuluka malemu Lucius Banda ndi ena ambiri. Tinkawauza kuti ku Area 23 ku Lilongwe kuli sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads, kuti ku yunivesite ya ku Zomba anthu amatenga digiri ya nyimbo, kuti kuli bungwe la COSOMA lotolera ndalama za oimba, kuti anyamata awiri a Madalitso Band adachoka m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wopanga okha n'kukaimba ku Ulaya. Ndinkazinena izi chifukwa n'zoona ndipo zinkathandiza, komabe mumtima sindinkakondwa nazo kwenikweni. Sitiphunzitsa mwana masamu kuti aliyense adzakhale wa ku banki. Sindifuna kuti nyimbo zizipempha malo pa sukulu polonjeza ndege. Mwana ayenera kuimba chifukwa ndi munthu, ndipo kwathu kuno munthu amabadwa, kukula, kukwatira ndi kuikidwa m'manda ndi nyimbo.

Nkhani yomwe idatsala pang'ono kugwetsa zonse idali ya ng'oma.

Amene mudakulira m'chigawo chapakati mukudziwa. Kuno ng'oma ikalira, khutu limayamba lafunsa kuti ikulirira kuti. Mkulu wa mpingo wina, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, adatemetsa nkhwangwa pamwala: mdzukulu wake sadzakhudza ng'oma, chifukwa lero ndi ng'oma, mawa ndi kudambwe. Kumbali inayo, amuna ena a gule ankadandaula zosiyana ndi zimenezo, kuti sukulu itenga zinthu zolemekezeka n'kuzisandutsa masewera a ana pamaso pa osameta. Mbali zonse ziwiri zinkaopa chinthu chimodzi, kungoti zinkachionera mosiyana. Madamu aja, poti ndi obwera, adafuna kungosiya ng'oma kuti tizingochita kwaya. Ine ndidakana, chifukwa ndinkaona ng'oma ya pensulo ija m'maso mwanga.

Amene adamasula mfundoyi ndi a gulupu. Adaitana mkulu wa mpingo uja ndi akuluakulu a gule pansi pa mtengo wa pabwalo lawo, ife n'kukhala pambali. Adati Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malo ake, ndipo ngakhale a UNESCO adamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, sizitanthauza kuti azivinidwa paliponse. Pa sukulu sadzafika, ngakhale maimbidwe a ng'oma zake. Koma mganda, chimtali, nyimbo za masewera a ana ndi za nthano, izi ndi za aliyense. Kenaka adatembenukira kwa mkulu wa mpingo uja n'kufunsa mofatsa kuti, kodi pa ukwati wa mwana wanu amayi sadavine chimtali? Mkuluyo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Bola zikhale monga mwanenamo, mfumu." Mdzukulu wake adalowa kwaya yokha, ndipo palibe adamukakamiza kupitirira apo. Mpaka lero tikusunga pangano limenelo.

Pa msonkhano wa komiti wina adapereka ganizo loti tilembe makalata ku mabungwe kupempha kiyibodi ndi magitala. Sindinyoza thandizo, koma sukulu yathu ilibe magetsi, ndipo tikadakhala pansi kudikira yankho ana omwe tinkawaganizirawo akadamaliza Sitandade 8. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. M'midzi yozungulira sukulu muli anthu odziwa nyimbo kuposa buku lililonse, kungoti palibe adawaitanapo kulowa pa geti. Adazolowera kuitanidwa kukaumba njerwa ndi kututa mchenga basi.

Tidapita kwa agogo ena amene ankasema ng'oma za mganda kale. Tidawapeza akusoka mphasa. Titanena chomwe tadzera adaseka pang'ono, n'kunena kuti sompho wawo adachita dzimbiri. Koma Loweruka lotsatira adatuma mwana kudzatiitana. Chipika chidali chitagona pabwalo, atachiboola kale mbali imodzi. Tidabwera ndi ana khumi ndi awiri. Agogowo sadafotokoze zambiri. Adapatsa mnyamata wina sompho, n'kumugwira dzanja kuti amve mmene umalowera mu mtengo osang'amba khoma la ng'oma. Ankagogoda chipikacho ndi chala n'kutchera khutu, kenaka n'kuloza pomwe patsala pokhuthala. Chikopa chidali chitanyikidwa m'madzi usiku wonse. Adachiyala pakamwa pa ng'oma, ana anayi akukoka uku ndi uku, iwo akukhoma zikhomo chimodzi kuno, china tsidya linalo, kuti chikopa chisapendekeke. Patapita masiku chitauma, adayatsa kamoto ka mapesi n'kuyandikiza ng'omayo, akuisisita ndi chikhato, kuigogoda, kuibwezeranso ku moto. Ana adamva ndi makutu awo mawu a ng'oma akukwera pang'onopang'ono chikopa chikamakungika. Mwana wanga adanditembenukira maso ali gwa, n'kunong'ona kuti, "Ababa, ndiye membrane ija imeneyi?"

Atafuna kuiomba, agogowo adazengereza, amvekere ng'oma ndi ya anyamata. Mayi wina wa mother group sadachedwe: "Agogo, nanga kuchinamwali amatiombera ndani?" Agogo adaseka mpaka kutsokomola, n'kumupatsa mtsikanayo ng'oma.

Zina zidabwera mosavuta. Amayi awiri adaphunzitsa atsikana kumanga visekese. Anyamata adatola zikho n'kupanga mabadza a mganda, pabowo n'kumata kapepala kapulasitiki kopyapyala pomwe akale ankamata kansalu ka kangaude. Wotsogolera kwaya wa mpingo wina adadzipereka kubwera kawiri pa mwezi kudzaphunzitsa do re mi, ndipo madamu aja adati nawonso akuphunzirapo.

Pa ndalama ndiyenera kunenapo mosapsatira, chifukwa ntchito zambiri zabwino m'midzi mwathu zimafera pomwepa. Sitidatchule mtengo woti kholo lililonse lipereke. Tidati amene angathe abweretse mbale ya soya kapena mtedza akakolola. Madamu aja ankajambula ana pa foni akuimba, kamphindi kochepa chabe, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la makolo, titayamba tapempha chilolezo kwa makolo a ana ooneka pa kanemayo. Tizidutswa timeneti tidayenda kutali kuposa mmene tinkaganizira. Ena amene adaphunzira pa sukuluyi ndipo ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg adayamba kufunsa nambala yotumizira kangachepe. Tambala iliyonse yomwe yalowa ndi kutuluka tinkailemba pa pepala lalikulu lomata pa khoma la ofesi, n'kuiwerenganso mokweza pa msonkhano uliwonse, ngakhale ya sopo wochapira nsalu za ovina. Ena ankati tikuchulutsa gaga m'diwa. Koma manong'onong'o a ndalama akangoyamba, ngakhale ana aimbe mokoma chotani, makolo amawaletsa kubwera.

Tsiku lotsekera teremu yachitatu tidapempha a hedi kuti ana aimbe zotsatira zisadawerengedwe, anthu onse akadali pamalo. Sitidakonze zolankhula. Ine ndidali nditaphunzira kale kuti pakamwa panga sipangachite zomwe ana angachite okha.

Idayamba kwaya, ana pafupifupi makumi anayi, ambiri opanda nsapato, atandanda m'mizere itatu. Atayamba nyimbo ya fuko m'mawu anayi, anthu amene ankacheza kumbuyo adasiya. Besi ya anyamata a Sitandade 7 itangolowa pansi pa mawu a atsikana, ndidamva tsitsi likuimirira, ndipo ndidaona agogo ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka chimtali, nthungululu zili pwirikiti, amayi kulephera kupirira mpaka kulowa m'bwalo. Pomaliza mganda. Pa ng'oma yaikulu padali mnyamata wina wachete, wobwereza Sitandade 5, amene aphunzitsi ankati sabata sinkatha asadajombe. Kuyambira pomwe agogo aja adamugwira dzanja pa sompho, Lachitatu sankaphonya, ndipo pang'onopang'ono masiku enawo adayambanso kuoneka. Tsiku limenelo adaomba ng'oma mutu uli chowerama, osayang'ana munthu, koma mapazi a ovina onse ali m'manja mwake.

Mnyamatayo ndi mwana wa mlimi wa fodya uja. Bamboyo adaima kumbuyo, manja ali m'thumba, nthawi yonseyo. Gule ali pakati adadutsa pakati pa anthu, n'kufika pomwe padali mwana wake, n'kumufupa. Adaika ndalamayo pansi pafupi ndi ng'oma, n'kubwerera pamalo pake osanena kanthu. Kwa ine sadanenepo kuti adasintha maganizo, ndipo sindidawafunse. Mwezi wotsatira atapha mbuzi, chikopa adatumiza ku sukulu.

Sindikufuna kuti muganize kuti zonse zili myaa. Teremu yachiwiri ikafika, ana a Sitandade 8 amasowa ku kalabu chifukwa cha makalasi oonjezera, ndipo nthawi ya Expressive Arts m'kalasi imabedwabe. Madamu athu akhoza kusamutsidwa tsiku lililonse, monga zimakhalira ndi aphunzitsi, ndipo zikatero ndikuopa kuti zambiri zipita nawo. N'chifukwa chake chaka chino tidalimbikira kuti kalabu ya nyimbo ilembedwe mu pulani ya chitukuko cha sukulu, kuti ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zikabwera pazikhala kamzere kake, ngakhale kakang'ono, pafupi ndi choko ndi malata. Tidapemphanso aphunzitsi ena awiri kuti azikhala nawo Lachitatu. A PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera lathu, titawaitana adabwera, adaonera, ndipo tidawapempha kuti masukulu a m'zoni yathu azikumana pa TDC, likulu la zoni pomwe aphunzitsi amachitira maphunziro awo, kamodzi pa chaka kudzaimbirana. Adati tikambirane ndi mahedi anzawo a masukulu enawo, ndiye ulendo wa khomo ndi khomo uja wayambiranso, pano pa njinga.

Chomwe chimandisowetsa tulo kwambiri ndi agogo osema ng'oma aja. Manja awo ayamba kunjenjemera, ndipo mwezi watha adalephera kubwera kawiri. Pali maimbidwe ena a mganda wakale amene adangowayamba ndi ana, sadawamalize. Loweruka lapitali ndidatenga mwana wanga ndi mnyamata uja n'kupita nawo kwawo, ng'oma itamangidwa pa keliyala. Tidawapeza atagona pamphasa padzuwa. Sadathe kudzuka kuti aombe okha, choncho ankaimba maimbidwewo ndi pakamwa, chala chikugogoda pa bondo, anawo n'kumatsatira. Mwana wanga adaphonya katatu pamalo amodzimodzi. Kachinayi atadutsapo bwino, agogo adatsinzina n'kugwedeza mutu, kenaka adati tibwerenso Loweruka likubwerali, koma tilawire dzuwa lisadatenthe.